Dzina Lopanda Mchira

A Fusae Shiraiwa akuwa maina a andale kwa zaka makumi anayi, koma mukanawafunsa kuti makhansala a tauni yathu ndi ndani, akanangokuyang'anani n'kukufunsani ngati mumwa tiyi. Sindikuwanena ayi. Kuwanena iwo n'kunena chigwa chonse cha Hinokidani, kuyambira pa mlatho mpaka pamene msewu umathera, ndipo inenso ndinabadwira komweko, khomo loyang'anana ndi lawo. Ndine Michiyo. Ndinasamukira m'tauni kalekale, ndimagwira ntchito ku ofesi ya madzi ku khonsolo, ndipo pakakhala chisankho amatitola tonse, a madzi, a zinyalala, a misonkho, kuti tikawerenge mavoti.

A Fusae anali uguisu, amayi aja okhala m'galimoto ya kampeni, dzanja lina chimkuzamawu, linalo atavala golovesi loyera akubayibitsa pawindo. Dzinalo ndi la kambalame kolira m'nsungwi chisanu chikamatha, koma kambalame kamapuma. A Fusae ankayamba eyiti koloko m'mawa n'kulekeza eyiti madzulo, masiku asanu, dzina limodzi lomwelo. Ankabayibitsa anthu, ankabayibitsa nyumba zotseka, tsiku lina anabayibitsa chidole choopsezera mbalame m'munda wa mpunga n'kuchithokoza chifukwa cha chithandizo chake. Woyendetsa anaseka mpaka galimoto inatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Iwo sanaseke. Anati ndi bwino kulemekeza chidole kusiyana n'kupitirira munthu.

Atsikana atsopano pantchitoyo ankawaphunzitsa lamulo limodzi. "Dzina silituluka lokha," ankatero. "Dzina lopanda mchira n'chipongwe. Munthu sungangomutchula ngati ukuitana galu." Mchirawo unali mawu awo aja omalizira, amene aliyense m'chigwamo angawatchule ngakhale ali m'tulo: "Uje, Uje, ndi Uje ameneyu. Chonde tikomereni mtima."

Ujeyo ankasinthasintha. Anakuwirapo mwini fakitale ya matabwa, patapita zaka zinayi n'kukuwira mdani wake amene ankafuna kuitseka. Ndinawafunsapo ndili mtsikana kuti kodi anthu amenewa akaima pa bokosi pamsika amanena zotani.

"Kaya," anandiyankha. "Akayamba kulankhula, imeneyo ndi nthawi yanga yopumitsa pakhosi. Ndimakhala ndikubwira switi ya uchi."

"Nanga mumavotera ndani, achemwali?"

"Lamulungu la chisankho ine ndimagona, nditakulunga thaulo m'khosi. Ndawapatsa mawu anga masiku asanu athunthu, akufunanso chiyani?"

Sanaponyepo voti chibadwire. Ndipo musaganize kuti ankadziwika nazo, chifukwa kwathu kuno zimenezo si nkhani. Makhansala timawatchula kuti aphunzitsi, anthu osagwirapo choko, tikakumana nawo pamaliro timawerama, akangodutsa timafunsana kuti paja ameneyu ndi uti. Kalata ya khonsolo imabwera miyezi itatu iliyonse, pepala labwino lolimba, ndipo anthu amaikonda kwambiri pokulungira ndiwo. Zisankho ziwiri zapitazi sitinavote n'komwe. Mipando khumi, oima khumi, onse analowa chiyimire ngati okwera basi yopanda anthu. Palibe anadandaula. Abale inu, anthu ake ndi ife, anthu okwiya ngati galimoto ya zinyalala yachedwa ndi mphindi khumi, koma amene amalamula galimotoyo sitimudziwa ngakhale mphuno.

Pakati pa zisankho a Fusae ankalima nkhaka ndi kulongedza bowa m'shedi ya kumunsi kwa mlatho. Chaka chilichonse ankandipatsa botolo la nkhaka za mchere atalemba tsiku pa chivindikiro, ndi zilembo zawo zija zopendekera kumanzere ngati udzu wogonekedwa ndi mphepo. Ana sanakhale nawo. Anali awiriwiri ndi amuna awo a Genzo, odula mitengo, munthu wosalankhula amene ankadya mbale zitatu za mpunga n'kungoti "zikomo" kamodzi pa sabata.

Zaka zitatu zapitazo sitiroko inawagwetsera a Genzo pakhomo akunola macheka. Malo anapezeka ku nyumba yosungira okalamba ya m'tauni ya kunyanja, makilomita makumi atatu kuchokera ku Hinokidani. Kulankhula kunatheratu, ndipo panabwera vuto lina: namwino akabweretsa supuni, amatseka pakamwa n'kuyang'ana khoma. Akawanyengerera kwambiri amalandira masupuni atatu, mwina anayi. Koma a Fusae akakhala pambali pa bedi n'kunena kuti, "Bambo, tiyeni," amatsegula. N'chifukwa chake tsiku lililonse a Fusae ankakwera basi ya naini koloko, atanyamula phala la mpunga m'kabotolo kosunga kutentha, n'kubwerako ndi ya folo. Kuyendetsa galimoto sadziwa. Basi imeneyo ndiyo inali chakudya cha a Genzo, palibenso njira ina yonenera.

Ndiye chaka chatha khonsolo inayamba kukambirana zoichotsa, poti okwera ndi ochepa. Makhansala anagawanika pakati, nkhani inasiyidwira khonsolo yatsopano ya pambuyo pa chisankho. Wotsogolera ofuna kuichotsa anali a Otaguro, bambo wa sitolo ya feteleza, khansala kwa zaka makumi awiri. Zonsezi zinalembedwa m'kalata ya khonsolo, tsamba lachitatu. Ine ndinazimva pakhonde la ofesi, ndinati ndikawauza achemwali ndikapita kumudzi. Ndinaiwala. Ndili ndi galimoto.

Amene sanaiwale anali a Nukui, amene anayendetsa basi yomweyo mpaka kupuma pantchito. Anakalembetsa kukhala woima wa nambala leveni, ndipo pa chifukwa chimenecho chisankho chinayenera kuchitika. Mukuganiza kuti anthu anawathokoza? Ha! Kusitolo ndinamva mayi wina akuti, "Mkulu ameneyu watiwonongera Lamulungu." Makhadi ovotera anafika pa positi. Langa ndinalipanikiza ndi maginito pa fuliji, pafupi ndi kalendala ya masiku otaya zinyalala.

A Otaguro anali atazolowera kulowa chiyimire, tsono anachita mantha. Anapita okha ku Hinokidani atanyamula bokosi la makeke, n'kugwada pakhomo la a Fusae. Achemwali anali ndi zaka sikisite eyiti, anati anasiya, anati amuna anga adya chiyani masiku asanuwo. Koma a Otaguro anawerama mpaka chipumi kugunda mphasa, amvekere mawu ngati anu kulibenso m'chigawo chino. Achemwali anavomera. Anandiuza pa foni kuti malipiro ake akwanira kukwerera basi miyezi ingapo. Ndinamva mawu amenewo ndi khutu langali, koma mutu unali pa mamita a madzi, ndinangoti, "Chabwino, musamale pakhosi."

Zinaululika Lachisanu pa mlatho wathu wopapatiza. Magalimoto a kampeni akakumana amachepetsa mawu n'kufunirana zabwino, ndi mwambo. A Nukui analibe uguisu, ankadzikuwira okha m'kalole kawo koyera, mawu ngati chitseko cha dzimbiri. Ataona amene wakhala pawindo la galimoto ya a Otaguro, anaiwala mwambo, anaiwalanso kuti chimkuzamawu chili choyatsa.

"A Fusae! Zoona ndinu? Amene mwakhala nawo kumbuyoko ndi amene akuchotsa basi yanu! A Genzo mudzidzawadyetsa pa foni?"

Chigwa chonse chinamva. Ndipo pakamwa pa a Fusae, pozolowera zaka makumi anayi, panayankha pokha: "Tikufunira a Nukui zabwino zonse pa mpikisanowu." Atadutsa mlatho ndi pamene anatembenuka n'kufunsa, "Aphunzitsi, akunena chiyani?" A Otaguro anati nkhani imeneyo ndi yovuta, mayi, manambala ake tidzaona, palibe chatsimikizika. Kenako anawapatsa botolo la tiyi.

Loweruka masana galimoto inaima pafupi ndi holo ya masewera pamene tinkayala matebulo owerengera mavoti. A Fusae analowa atavala jekete lachikasu lolembedwa dzina la a Otaguro kumsana, golovesi lili kumanja.

"Michi, kodi n'zoona?"

"Ziti, achemwali?"

"Usandiyese mwana. Za basi."

Ndinati n'zoona. Ndinati zinalembedwa m'kalata ya khonsolo.

"Ija ndimakulungira nkhaka?"

"Yomweyo."

Sanandifunse chifukwa chimene sindinawauzire. Bola akanandifunsa, ndikanapeza polusira. Anangoyang'ana matebulo aja. Ine ndi amene ndinapsa mtima, monga amachitira munthu wolakwa.

"Vulani chijeketecho! Tsikani m'galimotomo, akuwe yekha mwini wake, tione ngati agalu samuuwa."

"Ndinavomera ntchito," anatero. "Yatsala ya lero lokha. Munthu sasiya ntchito pakati."

"Ndiye mukumba nokha dzenje lanu?"

"Ndakumba kale masiku anayi." Anachotsa switi m'thumba, anaiyang'ana, n'kuibwezeramo. "Michi, kuvota amavota bwanji?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Munthu amene wapempha mavoti kuposa wina aliyense m'chigawo chino! Ndinati mutenge kakhadi kaja anakutumizirani, akakupatsani pepala ndi pensulo, mukalembe dzina, mukaponye m'bokosi. Ndinati n'zosavuta, ngakhale mwana angathe. Ndinali ndi tebulo m'manja, mnzanga akundidikira mbali inayo, sindinawonjezerepo kalikonse.

Madzulo a Loweruka amauguisu amakhala ndi kulira kwawo kwa ntchito, pempho lomaliza, mawu onjenjemera ngati munthu akutsanzika. A Fusae anali katswiri wa zimenezo. Koma tsiku limenelo anthu anatuluka m'nyumba ndi timitengo todyera m'manja. Ine ndinamva ndili pakhonde la nyumba yanga. "Otaguro, Otaguro, ndi Otaguro ameneyu. Chonde, chonde tikomereni mtima." Mayi woyandikana nane anapukuta misozi, amvekere bambo ameneyu akuoneka kuti akuvutika, mawa ndikamulembe. Sankadziwa kuti bamboyo amagulitsa chiyani, kapena akufuna kuchotsa chiyani. Anangomva mawu a mayi amene amuna ake anali atadya masupuni atatu patsiku kwa masiku asanu.

Lamulungu m'mawa, ndinamva pambuyo pake, a Fusae anavala diresi lawo la ku maukwati, anayenda wapansi kupita ku sukulu yakale imene inatsekedwa, n'kuwerama kwa aliyense wokhala patebulo. Anakhalitsa pa kashelefu kolembera mpaka wina anawafunsa ngati pensulo yathyoka. Atatuluka anakwera basi kupita kwa a Genzo. Ine m'mawawo ndinachapa mabulangeti poti kunali dzuwa, ndinadya, ndinagonako pang'ono, nditadzuka inali nthawi yopita ku holo.

Kwathu mabokosi amatsekedwa sikisi koloko, seveni timayamba kuwerenga. Ovota sanafike ngakhale theka. Mumakhuthula mapepala patebulo, mumasanja dzina ndi dzina, ndipo lililonse lachilendo mumaliponya m'kabasiketi ka okayikitsa. Chisankho chilichonse mumapezeka zomwezomwezo. Wina wajambula mphaka. Wina walemba kuti "onse ndi akuba". Wina walemba dzina la khansala amene tinamuika m'manda zaka zisanu zapitazo. Lamulo lake n'lodziwika kwa ife owerenga: papepala pakhale dzina, mwina ndi ulemu wake, basi. Mawu ena aliwonse owonjezera amawatenga ngati chizindikiro chimene munthu angadziwike nacho, ndipo pepalalo lafa. Kwa ife n'lodziwika. Kunja kwa holo ija kaya amalidziwa ndi angati.

Pepala la achemwali linabwera m'manja mwanga ine. Pa anthu makumi atatu amene tinali pamatebulo, linasankha ine. Zilembo zopendekera kumanzere, zolembedwa mosamala, zomwe zija za pa chivindikiro cha botolo la nkhaka. Pamwamba: Nukui. Pansi pake, timalemba ting'onoting'ono kuti tikwane: Chonde tikomereni mtima.

Sindinamve kanthu, ndisakunamizeni. Ndinaliika mwakachetechete pa mulu wa a Nukui, chala changa chitaphimba mchirawo. Mayi wa ku misonkho amene anali pambali panga ali ndi maso a kabawi.

"A Michiyo, limenelo n'lokayikitsa."

"Dzina likuwerengeka bwinobwino."

"Pansipo pali mawu."

"Ndi ulemu chabe."

"Akanene ndi akuluakulu, si ife."

Linapita. Mkulu wa chisankho analiyang'ana ndi galasi lokulitsa zilembo, analizunguliza kwa oimira opikisana. Woimira a Nukui anali mlamu wawo, amene anali akusinza chikhalire, ndipo atamugwedeza anangogwedezanso mutu. "Mawu owonjezera," anatero mkulu uja. Analidinda n'kuliika pamwamba pa mphaka.

Mipando isanu ndi inayi inadziwika msanga. Wa khumi tinawerenga kawiri, kenako kachitatu. A Otaguro handiredi eyite seveni. A Nukui handiredi eyite seveni. Zikatero amachita maere. Anabweretsa kachitini ndi timitengo tiwiri ta manambala, mkulu uja anakwinya malaya m'mikono, anayang'ana kudenga n'kusolola kamodzi. Owonerera analipo asanu ndi mmodzi, wina mwa iwo anabwera kudzatenga mkazi wake. Kanatuluka ka a Otaguro. Anawerama mbali zonse zinayi, ngakhale kumene kunalibe anthu. A Nukui anavala chipewa n'kutuluka. Ife anatigawira mabokosi a chakudya, mpunga ndi nsomba yowotcha, ndipo ine ndinadya langa lonse.

Khonsolo yatsopano inavota mu Juni, ochotsa basi anapambana ndi dzanja limodzi. Tsiku lomaliza, kumapeto kwa Seputembala, basi inadzaza koyamba m'zaka khumi. Kunabwera anthu a mumzinda ndi makamera kudzajambula ulendo womaliza, a Fusae anasowa pokhala, anaima njira yonse atakumbatira kabotolo ka phala. Anthu a m'chigwa anaima m'mbali mwa msewu akubayibitsa, ena akufunsana kuti kodi ndani walamula zimenezi.

Tsopano ndimawatenga ine, Lamulungu lokha, chifukwa masiku enawo ndili kuntchito. Takisi yochokera ku Hinokidani anayesa kawiri, pensheni inakana. Anthu amati Michiyo ndi wa mtima wabwino. Akatero ndimafuna kuwaponyera chinthu.

Lamulungu lina la mu Novembala tikutsika phiri, a Fusae anali atafungatira kabotolo pamiyendo. Kenako anayamba okha.

"Koma ndinavota, Michi. Pa ukalamba wanga. Ndinalemba bwinobwino, osafufuta."

"Munachita bwino, achemwali."

"Ndi mchira womwe ndinaikapo. Ndinati munthu ndamunyoza pa mlatho, ndamukuwira mdani wake masiku asanu, ndiye ndimulembenso dzina lokhalokha ngati ndikuitana galu? Ayi. Ndinamupempha mwaulemu."

Ndinayang'ana msewu. Kunali lole ya mitengo kutsogolo, ndinachita ngati ndikufuna kuipitirira.

"Akuti linangosowa voti limodzi," anapitiriza. "Limodzi lokha. Ndiye kuti pali munthu wina amene anangokhala pakhomo tsiku limenelo, mwina akuchapa, mwina akugona. Sindimuda ayi. Ndikanamuda bwanji, ine ndagona zaka makumi anayi?" Anatsokomola, mawu awo sanabwerere mwakale chichokere Loweruka lija. "Iwe unalemba ndani?"

"A Nukui," ndinatero.

"Ndiye ife tinachita mbali yathu."

Kakhadi kanga kakadali pa fuliji, pansi pa maginito. Malo anga ovotera ali misewu iwiri kuchokera pakhomo panga. Ndayesapo kukataya, koma ndikakagwira ndimangokabwezera pomwepo.

Tinawapeza a Genzo atayang'ana khoma. Wotchi yawo, imene kale lamba wake ankachita kuvuta kumanga, inali itatsetserekera pafupi ndi chigongono. Namwino anati dzulo analandira masupuni awiri. A Fusae anavula chikhoto, anakoka mpando, anatsegula kabotolo n'kuuzira phala.

"Bambo, tiyeni."

Anatsegula pakamwa. Ndinaima pakhomo ndikuwerenga, poti kuwerenga ndiye ntchito imene ndimaitha. Anafika masupuni khumi ndi anayi, kenako anatopa n'kutseka maso. A Fusae anawapukuta pachibwano, anatseka kabotolo, anawauza kuti abweranso Lamulungu. Pobwerera anagona njira yonse, ine ndikuyendetsa.